Sabata ya Utsi ku Ballymun

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene mapiri a kummwera kwa Dublin anayaka moto. Munali mu Meyi chakumapeto, ndipo mvula inali itatha masiku ambiri osagwa, zomwe sizichitikachitika kuno. Zitsamba zaminga za maluwa achikasu zimene zimamera m'mapirimo zinauma n'kugwira moto. Kwathu ku Ballymun motowo sitinkauona, koma utsi wake unkatipeza. Unkalowa m'basi, m'kalasi, ngakhale m'zovala zimene Amami ankayanika pakhonde. Dzuwa linkatuluka lofiirira ngati ladwala.

Aliyense ankadandaula ndi utsiwo kupatula Adadi. Iwo ankagwira ntchito yokweza katundu m'ndege, ndipo masiku onse akaweruka ankangofikira pampando, nsapato osavula. Sabata imeneyo mpando sanaukhale. Ankatsegula zenera la kukhitchini, kutulutsa mutu, n'kukoka mpweya pang'onopang'ono atatsinzina. Akatero ankayamba kuyendayenda, kukhitchini, pabalaza, kukhitchininso, manja ali kumbuyo.

"Bambo a Takondwa, muperepesa kapeti ya eni ake," Amami ankatero. "Khalani pansi, apo ayi pitani mukazimitse motowo."

"Simukumva inu? Limeneli ndi fungo la Okutobala lenileni. Kwathu kukanunkha chonchi ndiye kuti anthu ayamba kusosa m'minda."

"Ine chimene ndikumva ndi chifuwa basi."

Tsiku lina madzulo ndinawamva akuyankhula pafoni ndi achimwene awo a ku Dedza. "Achimwene, kuno kwangotsala thupi, mtima wafika kale kumeneko. Utsi umenewu ukundiitana." Adadi anaseka, koma ine sindinaseke nawo. Kutchalitchi kwathu kunali mnzanga wina amene bambo ake anapita ku Malawi kukaika maliro, osabwererakonso. Lamlungu lililonse ndinkamuona atakhala pakati pa mayi ake ndi chikwama chawo.

Ndinali mwana wosatha kufunsa. Akandiyankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, mawu ochepa, maso ali pansi. Choncho Adadi sindinawafunse kanthu. Ndinangoyamba kulimbana ndi utsiwo pandekha.

Madzulo aliwonse ndinkakhala kutsogolo kwa TV kudikira zanyengo. Mayi wolosera uja ankaloza mapu n'kunena zofanana: kupitiriza kutentha, mphepo ikuchokera kummwera ndipo ibweretsa utsi wina mumzinda, odwala mphumu atseke mazenera. Pomaliza ankawonjeza kuti mwina kumapeto kwa sabata kugwa mvula ya mabingu, koma osati paliponse. Mawu amenewo ndinkawalemba m'kabuku kanga ngati lonjezo. M'mutu mwanga zinali zosavuta: mvula ikagwa moto uzima, utsi utha, Adadi akhala pansi. Kusukulu ndinkangoyang'ana kumwamba kufuna mtambo, mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndikudwala.

Lachinayi ndinalephera kudikira. Nditafika kunyumba ndinapeza Amami akugona, popeza anali atachezera kuntchito kwawo kosamalira okalamba. Ndinatseka mazenera onse. Ndinatsekera matawulo m'munsi mwa zitseko. Kenako ndinatenga mankhwala opopera kuchimbudzi aja a fungo la ndimu, n'kupopera chipinda chilichonse mpaka chitini chinatha. Amami anadzuka akutsokomola.

"Takondwa! Ukufuna kutipha? Kunja utsi, m'nyumba ndimu, munthu apumire kuti?"

Ndinayankha kuti pa TV anena kuti titseke mazenera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigwira pachipumi kuti aone ngati ndatentha thupi. Adadi atabwera anangoti, "Ndani wamwalira muno?" n'kutsegula zenera lawo lija.

Lachisanu kunacha kotentha modabwitsa, mpweya uli wolemera, wopanda kamphepo. Pobwera kusukulu mitambo yakuda inali itaunjikana chakumpoto, cha ku Swords, ndipo kutali kunkamveka kugunda. Ndinakwera masitepe ndikuthamanga, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba sabata yonse. Koma podutsa pachitseko cha chipinda cha makolo anga ndinaima. Sutikesi yaikulu imene inkakhala pamwamba pa wadiropu chifikireni m'nyumbayo inali pabedi, yotsegula. Adadi munalibe m'nyumba.

Amami anali kalikiliki kuphimba galasi la pabalaza ndi chitenje, monga amachitira kukamachita mphezi. "Vula juzi yofiirayo msanga," anatero osatembenuka. "Sukumva mabinguwo? Zofiira zimaitana mphezi."

Juzi ya sukuluyo sindinavule. Ndinatsika masitepe aja ndi maganizo othamangira pamene timakwerera basi yopita kubwalo la ndege. Sindikudziwa kuti ndikanakachita chiyani kumeneko. Ndisanafike pamsewu ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba, pakamalo kamene anthu a m'nyumbazo anapatsidwa kuti azidzala maluwa. Adadi anali pomwepo, atapinda buluku, akugalauza dothi louma ndi khasu.

Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, ofunda. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndipo mawu anangotuluka okha, m'Chichewa.

"Adadi, mukupita?"

Anatembenuka. "Kupita kuti, mayi?"

"Kumudzi. Munanena kuti utsi ukukuitanani. Ndinamva. Ndaona sutikesi."

Sanaseke, ndipo mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo. Anagoneka khasu pansi, n'kuvula jekete yawo ya kuntchito, n'kundifunditsa. "Amako akakuona ndi zofiirazi pamphezi, tonse awiri tigona panja," anatero, akundikokera pakhomo pomwe mvula sinkafika.

Tinaima pamenepo mvula ikukhuthuka, fungo la dothi lonyowa likukwera. Anandiuza kuti khasulo linali la malemu bambo awo. Anabwera nalo lopanda mpini, lokulunga m'nsalu, ndipo linakhala m'sutikesi zaka zonsezo. Kwawo utsi ukadzaza mlengalenga munthu amadziwa kuti yakwana nthawi yolowa m'munda, ndiye manja awo ankangoyabwa. Tsiku limenelo anagula mpini.

"Mvula ngati iyi kwathu timati chizimalupsa," anatero. "Imabwera kudzazimitsa tchire lopsa."

"Ndiye simupita?"

Mphezi inang'anima, ine n'kuwagwira malaya.

"Ndisakunamize, mwana wanga, kulakalaka ndimalakalaka. Tsiku lililonse ndimakweza masutikesi a anthu, ena olembedwa Lilongwe, ndipo ndimawasisita ndisanawasiye. Koma ndikusiye iwe kuno, kumeneko ndikatengeko chiyani? Tsiku lopita tidzapitira limodzi, ndipo tikiti yake idzakhala yopita ndi kubwera."

Ndinalira kwambiri, mamina ndi mvula kusakanikirana pajekete yawo. Kumwamba Amami anatsegula zenera n'kukuwa kuti anthu awiri opanda nzeru alowe m'nyumba asanakazingidwe.

Mvula ija sinakhalitse, ndipo kumapiri akuti sinafike bwinobwino. Patangopita masiku ochepa utsi unabwereranso, wolosera uja n'kuyambiranso kulonjeza mabingu. Ine sindinamudikirenso.

Panopa ndatsala pang'ono kumaliza sekondale, ndipo ku Dedza sitinapitebe. Nthawi ija ndinkaganiza kuti munthu ukamukonda uyenera kumubisira chilichonse chomukumbutsa kwina, kuti asakuthawe. Tsopano ndikudziwa kuti munthu atha kulakalaka kwawo ndi mtima wonse n'kukhalabe pamene pali mwana wake, osanama mbali iliyonse. Ndikudziwanso kuti mantha amene ndinawasenza sabata yathunthu anatha ndi funso limodzi laling'ono. Kufunsa kumandivutabe. Koma Adadi akayamba kuusa moyo n'kumayang'ana kutali, ndimakhala pafupi nawo n'kunena kuti, "Tandiuzani za kumudzi." Amandiuza, ndipo akamaliza amakhala adakali pompano.