Puloti ya Amayi, Kumunsi kwa Ngalande

Anthu akamatamanda chaka chimene tinavotera matipate, ine ndimangokhala chete, chifukwa ndikati ndiyankhule ndimatha kutukwana. Musandimve molakwa, zakale zija sindizisowa ngakhale pang'ono. Ndinaona ndi maso angawa abambo anga atakhazikidwa padzuwa pachipata cha msika wa Songani chifukwa choiwala khadi yachipani kunyumba, dengu lawo la matemba likutoledwa ndi aliyense wodutsa. Munthu wamkulu wa imvi, akukalipidwa ndi anyamata amene anawaona akukwawa.

Ndiye atabwera bambo wina wa m'mudzi mwathu momwemo kudzatiuza kuti tonse ndife ofanana, kuti palibenso wogwadira mnzake, amayi anga anamukhulupirira ndi mtima wonse. Bamboyo anali ndi pakamwa potsekemera. Amayi ankaphikira anthu a pamisonkhano yake, ankavina mpaka mawu kusasa, ndipo tsiku lovota ananyamuka asanalawe kanthu.

Abambo anga atamwalira, chomwe chinatisunga chinali puloti imodzi ya mpunga musikimu ya mthirira, yakumapeto kwenikweni kwa ngalande. Madzi kumeneko anali ndi dongosolo lake. Akumtunda ankathirira masiku awo, kenako ankatseka timipata tawo kuti madzi atsike kwa ife akumunsi. Kale anthu ankatsata zimenezi chifukwa cha mantha. Ife tinkaganiza kuti mantha akatha, azitsata chifukwa cha ulemu. Tinali opusa.

Bambo uja anakhala tcheyamani wa komiti ya madzi, ndipo mapuloti ake anali kumtunda. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Amayi anali atawokera kale mbande zawo, ine ndikuwathandiza mwana ali kumsana. Tsiku lathu la madzi linafika, ngalande ili gwaa. Tinadikira lotsatira, chimodzimodzi. Amayi anatsata ngalandeyo wapansi mpaka anapeza matumba a mchenga atasanjidwa mopingasa, madzi onse akukhuthukira mu mpunga wa tcheyamani ndi wa abale ake.

Anapita kunyumba kwake masana, ine ndili pambuyo. Anagwada monga mwa mwambo, ndipo chimandipweteka mpaka lero n'chakuti iye sanawaletse. Anamufotokozera mofatsa kuti nthaka yayamba kung'aluka, mbande zikufiira, ndipo puloti ija ndiyo chakudya chathu chonse. Iye ankamvetsera uku akusenda chinangwa.

“Achemwali, zolamulana zinatha,” anatero. “Pano aliyense ali ndi ufulu. Ine ndingakauze bwanji munthu kuti tseka madzi?”

“Nanga ufulu wangawo uli kuti, achimwene?” amayi anafunsa.

Anaseka, n'kuwauza kuti akapemphere mvula.

Azimayi ena pachitsime, omwe sanavine nawo masiku aja, anapeza poyambira. Ankati walira mvula walira matope, munkafuna matipate ndi amenewa. Ndinkapsa mtima nawo koopsa. Amayi anayesa kutunga madzi ndi ndowa kuchokera kudambo, mtunda wautali, mpaka msana unawakana. Mpunga unauma usanatulutse ngala. Chaka chotsatira tinalibe mbewu ngakhale mphamvu, puloti inagonera.

Apa ndiye komiti inakumbukira kuti ili ndi malamulo. Anthu omwewo amene sankatha kuuza munthu kuti achotse thumba la mchenga anakumbukira msanga lamulo lakuti puloti yosalimidwa imaperekedwa kwa wina. Anavota pokweza manja, zonse mwa demokalase, ndipo inapita kwa mphwake wa tcheyamani. Amayi anaitanidwa kuti adzangomva.

Ndinawachonderera kuti tisamukire kwa apongozi anga kunyanja, tizikawamba nsomba. Anakana. Anati iwo ntchito yomwe amaidziwa ndi ya mpunga, ndipo mimba sidikira milandu. Anayamba kuyenda m'maganyu owokera.

Tsiku lina ndinawatengera phala kusikimu. Ndinawafunafuna kumtunda osawapeza, mpaka wina anandilozera kumunsi. Ndinawapeza atawerama m'puloti yawo yomwe ija, akuwokera mbande za mwini watsopano. Madzi anali atawafika m'mawondo.