Ambuya Kuseri kwa Kanyumba ka Udzu

Fungo la masau owuma likandipeza pamsika ndimaima kaye, chifukwa limandibweretsera ambuya anga, amayi awo a amayi, akutsika basi pa Petauke ndi thumba pamutu, fumbi la msewu wa ku Sandwe lili mpaka m'nsidze. Nsalu zawo zinkamveka masauwo, utsi wa nkhuni ndi fodya wa m'mphuno, ndipo akakukumbatira unkayenda ndi fungolo tsiku lonse. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, wa pakamwa pakuthwa kwa aliyense kupatula atate anga.

Atate anali mkamwini wawo, ndipo kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyeranso pamodzi. Akakumana pakhomo, ambuya ankapatuka n'kugwada, nkhope kukhoma. Akafuna kunena kanthu ankatuma ine, ngakhale atate ali pomwepo akumva. "Tisa, uza apongozi kuti madzi yafunda." Ine n'kutembenuka: "Atate, akuti madzi afunda." Atate anakulira ku Lusaka, kuno anabwera ndi ntchito ya boma, ndipo zonsezi ankaziona ngati masewera okoma a anthu akale. Kunyumba sizinkavuta, popeza iwo ankadyera pabalaza, ambuya kukhitchini ndi ife ana.

Chaka china amayi anadwala kwambiri atabereka mwana wathu wotsiriza. Ambuya anasiya munda wawo n'kukhala nafe dzinja lonse, kuchapa matewera, kutisambitsa, kuphika phala la wodwala. Amayi atachira, atate anati mpongozi wotere sathokozedwa ndi pakamwa pokha. Anali atamva za malo odyera atsopano kufupi ndi Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu, okonzedwa ngati mudzi.

"Kuja amai azamvela monga ali kwao," anatero atate.

"Sangadye pamaso panu," amayi anawachenjeza.

"Ah, iwe, va kudala ivo, vakale. Ni siku imodzi chabe."

Loweruka tinapakirana m'kagalimoto ka atate. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mlongo wanga Dali, wa zaka zinayi, anavala nsapato zatsopano zoyaka timagetsi kuchidendene, ndipo njira yonse ankamenya mpando kuti ziyake.

Malowo anatisangalatsa ife ana kwabasi. Denga linali la udzu, makoma opachikidwa malichero ndi makasu, atsikana operekera chakudya atavala zitenje ndi mikanda, osavala nsapato, thobwa akubweretsa m'zipanda. Pabwalo anamanga kanyumba ka udzu, kankhokwe pambali, mtondo ndi munsi, mphasa itayalidwa. Ambuya anasuzumira m'kankhokwe muja n'kupukusa mutu.

"Mudzi wa njala uno," anandinong'oneza. "Na mtondo uyu sunaoneko chimanga."

Ndinaseka mpaka thobwa linandituluka m'mphuno.

Anatikhazika patebulo limodzi lozungulira, ndipo mpando wa ambuya unayang'anana ndi wa atate. Nkhuku ya kumudzi itafika, ndi masamba a maungu otendera amene timati chibwabwa, ndi tchipisi cha ife ana, tinasamba m'manja. Dali anali atagwetsa kale chipanda, khanda likulira, amayi akupukuta apa n'kutonthoza apo. M'chipwirikiti chimenecho ambuya ananyamula mbale yawo mwakachetechete, napita kukakhala pamphasa ija kuseri kwa kanyumba, msana atalozetsa kwa ife. Dali anatsika pampando n'kuwatsatira. Atate anatsegula pakamwa, amayi n'kuwagwira dzanja. "Alekeni adye."

Posakhalitsa panaima basi yaing'ono ya anthu ochokera ku Lusaka, ovala bwino, mafoni m'manja. Mayi wina wa magalasi akuda anangoti maso pa ambuya, n'kukuwa mosangalala.

"Onani! Baikako na ambuya ba zoona!"

Anawazungulira. Ambuya anaganiza kuti ndi alendo odzapereka moni, choncho anasiya kudya, napukuta m'manja, nawomba m'manja mwaulemu, kufunsa za kumene achokera. Alendowo anangokweza mafoni. Wina anati agwire munsi, anagwira. Wina anati aseke, anaseka. Kwa ambuya mlendo sankakanizidwa kanthu. Kenaka mayi wa magalasi uja analoza Dali.

"Mami, kavuleni nsapato kamwana aka, ziononga pikicha."

Ambuya anawerama n'kuyamba kumasula zingwe. Dali analira kulira kwa mtima wonse, "Nsapato zanga! Nsapato zanga!" Anthu aja anaseka, mafoni ali m'mwamba. Pamenepo ndinaona manja a ambuya akuima. Anayang'ana mtondo uja, anayang'ana atsikana opanda nsapato aja, anadziyang'ana okha, ndipo anamvetsa chimene anthuwo ankawayesa.

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, otentha kuyambira m'makutu mpaka m'mimba, osadziwa kuti ndikuchitira ndani: ambuya, atate, kapena ine amene ndinali nditakhala pampando ndi foloko m'manja. Amayi anabisa nkhope m'nsalu ya khanda.

Atate anaimirira. Ndinkayembekeza kuti akalipira anthu aja, koma sanawayang'ane n'komwe. Anayenda mpaka chapatali pang'ono ndi mphasa, ndipo munthu amene ankati zonsezi n'zakale anagwada m'fumbi ndi buluku lake la kutchalitchi, nkhope kumbali, nawomba m'manja.

"Tisa, bwela," anandiitana. "Uza ambuya kuti nalakwa ndine. Ayende akadyele pa tebulo na adzukulu. Ine nizadyela mu motoka."

Ndinabwereza mawuwo monga mwa masiku onse, koma ndikulira. Ena mwa alendo aja anatsitsa mafoni. Bambo wina kumbuyo anawomba m'manja mokondwa, akuyesa kuti nalonso ndi gawo la chionetsero.

Atate ananyamula mbale yawo kupita kugalimoto. Ambuya anamuveka Dali nsapato, nabwera kudzakhala nafe, m'mphepete mwenimweni mwa mpando, manja pamiyendo. Amayi anawapempha, ine ndinawasendezera ntchafu ya nkhuku, koma sanakhudze. Maso awo anali kugalimoto, kumene atate anakhala chitseko chili chotsegula, mbale pamaondo, nawonso osadya. Mtsikana woperekera chakudya anabwera kudzafunsa ngati ndiwo zalakwika. Pobwerera ku Petauke, Dali yekha ndiye ankalankhula.

M'mawa mwake ndinawapeza ambuya kukhitchini akumanga katundu wawo. Ndinawafunsa ngati akwiyira atate.

"Nikwiyile chinji, mwana wangu?" anatero, akumanga mfundo ndi mano. "Ine nenze kuwalemekeza, iwo enze kunilemekeza. Lomba tonse tagona na njala."

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso. Anandiuza kuti chimene chinawawawa kwambiri si anthu aja, koma kuti mwana wa eni, amene anawonongera ndalama zake pa iwo, anakadyera m'galimoto ngati wothamangitsidwa.

Sanabwerenso ku Petauke. Ifeyo ndi amene tinkapita ku Sandwe, ndipo atate akafika ankagwada patali, mwaulemu wonse, mpaka chaka chimene ambuya anatisiya.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo amandifunsa kuti ambuya ankaoneka bwanji. Ndimafotokoza ndi pakamwa, chifukwa kwathu palibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ankakana kujambulidwa, makamaka kuchokera tsiku lija. Zithunzi zawo zokha zimene ndikudziwa zili m'mafoni a anthu osawadziwa, atagwira munsi, akuseka chifukwa auzidwa kuti aseke. Ndimadana nazo zithunzizo. Koma mayi wa magalasi akuda uja nditakumana naye lero, ndikudziwa kuti ndingamugwadire, n'kumupempha kuti anditumizireko chimodzi.