Makhadi Awiri a Dzina Limodzi

Ku Katete mukafunsa za munthu wojambula vidiyo ya ukwati, ambiri adzakulozerani kashopu ka a Ottilia Sakala, kuseri kwa msika, pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Chipata. A Ottilia anabadwira ku Sinda. Bambo awo anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo wa Reformed, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wawoyo adzagwirenso choko. Sizinatheke. Mayeso sanawayendere bwino, ndiye anayamba ntchito yotayipa makalata m'kashopu kena pa boma.

Kamera anaigwira mwangozi. Kwaya ya amayi kumpingo kwawo inkafuna kujambulitsa nyimbo, wojambula wochokera ku Chipata sanabwere, a Ottilia n'kubwereka kamera ya abwana awo. Zithunzi zinatuluka zopendekeka, amayi ena mitu itadulidwa, koma eniakewo anaionera vidiyoyo mpaka disiki inakalika. Kuyambira pamenepo maukwati, zinamwali ndi misonkhano ya mpingo zinayamba kuwafunafuna.

Mayi awo atamwalira, a Ottilia ndiwo analera mlongo wawo wamng'ono, Oliver. Anamuphunzitsanso ntchitoyi, ndipo atakwatira anakatsegula kashopu kakekake ku Vubwi, komwe maukwati ena amabwera ndi alendo a ku Malawi ndi ku Mozambique.

Chaka chathachi makompyuta a awiriwa anayamba kulemedwa ndi mavidiyo a makamera atsopano. Anagwirizana zogula makhadi a zithunzi, tizipangizo tolowetsa m'kati mwa kompyuta kuti vidiyo iziyenda bwino poilumikiza. Oliver ndiye anapita ku Lusaka. Anagula awiri m'shopu imodzi, dzina limodzi, mabokosi ofanana. Pobwerera anali pachangu, choncho la achemwali ake anangolisiya kwa kondakitala wa minibasi kuti akawapatsire. Litafika, a Ottilia anaona kuti bokosilo linali litatsegulidwapo n'kumatidwanso ndi tepi, koma sanaganize zambiri.

Atalilowetsa m'kompyuta, zinthu sizinasinthe kwenikweni. Mkwatibwi wa m'vidiyo ina ankayenda modukizadukiza ngati wapondedwa ndi ng'ombe, ndipo vidiyo imodzi inkadya tsiku lonse kuti ituluke. Anamuimbira foni Oliver.

"Iwe, khadi lija silikugwira bwino."

"Aa, asisi, langa likuthamanga ngati njinga yamoto. Mwina munalilowetsa molakwika. Kapena malaiti anabwera mwamphamvu n'kuliwotcha? Paja simuzimitsa pakhoma inu."

Mawuwo anawalasa. Mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira kamera lero aziwauza kuti sadziwa kulowetsa khadi? Anadula foni osatsanzika.

A Ethel, ogulitsa zitenje pakhomo loyandikana nalo, anamva zonse. "Amake, musandide," anatero. "Bokosi lotsegulatsegula lija ine ndinaliona. Mwina anadzigulira latsopano, inu n'kukutengerani lakale la salaula."

A Ottilia anawakalipira a Ethel, koma mawuwo anakhazikika mumtima. Akakumbukira tepi ija, chakudya chinkawakanika. Akakumbukira za malaiti, ankachitanso mantha kuti mwina anaononga okha chinthu chodula. Zonse ziwirizo zinali zowawa. Foni za Oliver anasiya kuyankha. Pamenepo n'kuti mwezi wa Ogasiti ukuyandikira, ndipo gulu lina la amayi ovina chimtali linali litawapempha kale kuti adzawajambule pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika.

Loweruka lina m'mawa Oliver anatulukira pakhomo pa shopu, fumbi lili mbuu thupi lonse, kompyuta yake ataikulunga m'bulangete kumbuyo kwa njinga yamoto.

"Asisi, foni simuyankha. Ndalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tiyeni kwa a Tembo, akatiuze chimene chikuvuta."

A Christopher Tembo amakonza mafoni ndi makompyuta m'kachipinda kopanikizika m'mbali mwa msewu waukulu. Anamvetsera onse awiri osawadula mawu. Kenako anachotsa khadi la Oliver n'kulilowetsa m'kompyuta ya a Ottilia. Vidiyo inayenda myaa, mkwatibwi uja n'kumavina bwinobwino. Atalowetsa la a Ottilia m'kompyuta ya Oliver, kudukiza kuja kunasamukira komweko.

"Kompyuta yanu ilibe vuto, amayi, ndipo munalowetsa bwino," anatero a Tembo. "Vuto lili m'khadimu."

A Ottilia anaumitsa khosi, osamuyang'ana mlongo wawo. "Ndiye ndi lakale? Kapena lapsa?"

A Tembo analitembenuza, n'kulinunkhiza, n'kuunika tochi m'timapiko ta fani yake. "Mulibe fumbi ngakhale pang'ono. Ili ndi latsopano, ndipo silinapse." Anatsegula pulogalamu ina imene imaonetsa zam'kati mwa khadi, nayang'ana loyamba, nayang'ana lachiwiri, kenako anayamba kuseka.

"Bwerani muone. Dzina ndi limodzi, kukula kwa memore yosungira zithunzi n'chimodzimodzi, koma mtundu wa memoreyo ndi wosiyana. La a Oliver lili ndi yothamanga, lanuli anaikamo yochedwa. Zili ngati ngolo ziwiri zofanana, ina akukoka ndi ng'ombe zonenepa, ina abulu otopa."

"Ndiye anasintha ndani?" anafunsa Oliver.

"Palibe anasintha. Anachokera choncho kufakitale. Amapanga mitundu iwiri n'kuiika m'mabokosi ofanana. Kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi kumapeto kwa nambala iyi, koti munthu sungakaone." Anafufuza pafoni yawo n'kuwaonetsa anthu a m'mayiko ena akudandaula za chinthu chomwecho.

A Ottilia anakhala pansi pa katoni ya pulinta yakufa. Anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga tepi ija?" anafunsa.

"Tepi iti? Oo, ndinatsegula onse awiri kushopu konko kuti ndione ngati mulidi zinthu m'kati. Paja ku Lusaka akhoza kukugulitsa njerwa." Oliver anawayang'ana achemwali ake kwa kanthawi, maso n'kutong'oka. "Asisi! Mumaganiza kuti ine...?"

"Khala chete iwe. Nawenso unati ndaliwotcha."

"Ndinangonena poti ndinalibe chonena china."

"Wadya kanthu chichokereni ku Vubwi?"

Anali asanadye. Anapita naye kumsika kukamugulira tiyi ndi zitumbuwa, ndipo podutsa pa a Ethel, a Ottilia anaima dala. "Amake, khadi lija ndi latsopano. Olakwa ndi a kufakitale." A Ethel anaomba m'manja nati iwo anadziwa kale kuti Oliver ndi mwana wabwino.

Tsiku lomwelo Oliver anasiya khadi lake m'kompyuta ya achemwali ake, chifukwa ntchito ya ku Mkaika inali yaikulu, iye n'kutenga lochedwalo. Eni shopu a ku Lusaka poyamba anakana kulilandira, ati dzina la pabokosi ndi lomwelo limene anapempha. A Tembo atawatumizira zithunzi za zimene pulogalamu ija inaonetsa, anavomera kusintha. Latsopanolo litafika, a Ottilia sanalole kuti lipitirire ku Vubwi a Tembo asanaliyese.

Pa Kulamba anajambula kuyambira m'mawa, a Ottilia ali ndi kamera yaikulu, Oliver akuthamanga ndi yaing'ono m'mbali mwa bwalo. Amayi a chimtali aja analandira vidiyo yawo sabata yomweyo. Dandaulo linali limodzi lokha: mayi wina anati a Ottilia anamujambula kwambiri mnzake kuposa iye.