Lusiya Sanali Mphunzitsi

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa cha mphasa ya m'siwa. Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kamene sikanyowetsa nthaka koma kamalowa m'mafupa. Amuna anali atazinga moto, zipewa mpaka m'makutu. Chimene chinandipweteka si kuzizira ayi. Usiku wonse pa maliro a mng'ono wanga Lusiya sipanamveke nyimbo ya mpingo ngakhale imodzi. Kwathu kuno ku Ndunde ngakhale chidakwa amachiimbira.

Chifukwa chake ndinachimva ndikusonkha moto wa nyemba kuseri kwa nyumba. Mayi wina wa kwaya anandinong'oneza kuti akuluakulu a mphakati aletsa kuimba, ati malemu anali wopenda nyenyezi. Ndinaponya chikuni pansi.

Mawu amenewo anachokera kwa amayi athu. Anthu akafunsa zimene mwana wawo amachita ku Joni, ankayankha monyada kuti amapenda nyenyezi. Koma kuno wopenda nyenyezi ndi wamaula, woombeza. Pomwe Lusiya ntchito yake ndinkaidziwa, anandifotokozera yekha tikutola nyemba pakhonde. Ankafufuza maiko ena ozungulira nyenyezi zakutali, monga lathuli limazungulira dzuwa. Maikowo saoneka, ankatero, koma lina likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono ngati njenjete yadutsa pa nyali. Iye ankakhala pa kompyuta kuyeza kuchepako. Basi. Maula ake ali pati pamenepa?

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Namadzi, ena pa minibasi ya ku Limbe. Panabweranso galimoto ya anzake awiri amene ankafufuza nawo limodzi, atanyamula nkhata yamaluwa. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Kwaya inali chikhalire pansi pa mtengo wa mapeyala, mabuku a nyimbo ali m'zikwama.

Amalume, eni mbumba, anaitana akuluakuluwo kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinawatsatira, ngakhale si malo a amayi. Ndinati anthu amenewa andiuze amene Lusiya anamuombezerapo, amutchule dzina. Mmodzi anangoti utsi sufuka popanda moto. Ameneyu ndi amene chaka chatha, Lusiya akudwala kale, anamubweretsera mwana wake kuti amuthandize masamu!

"Iwe, bwerera kumoto," anatero amalume. Kenaka anatembenukira kwa akuluakuluwo, mawu atafewa ngati akupempha mchere. "Mlongo wanga, mayi wa malemu, sukulu sanapite, anangosokoneza mawu. Mwanayu zanyenyezi sankazidziwa. Anali mphunzitsi chabe."

Pomwepo nkhope zinamasuka. Mphunzitsi, eya, zikatero ndiye palibe vuto. Sindinafike n'kumoto komwe, kwaya inali itayamba kale.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka. Mtanda unali patsogolo, bokosi pambuyo pake, ife amayi kumapeto tikuterereka m'matope. Anaimba bwino, sindinama, ndipo kukoma kwa nyimbozo ndi kumene kunandiwawitsa mtima. Ankaimbira mphunzitsi wina amene sanabadwepo, ine mng'ono wanga ali m'bokosi.

Kumanda amalume anafotokoza mbiri. Anatchula kumene anabadwira, kumene anabatizidwa, matenda amene anamutenga. Pa ntchito anangoti ankaphunzitsa ana ku Joni. Anzake awiri aja anayang'anana, kenaka anaweramitsa mitu. Ine ndinadzambatuka. Ndinkafuna ndikuwe kuti bodza, mwana uyu anatha maso ake kufunafuna maiko amene inu simudzawalota n'komwe. Koma amayi athu anandikoka chitenje mwamphamvu mpaka ndinakhala pansi. Dothi linayamba kugwera pa bokosi ndili chikhalire.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mbale zosatsuka ndi mabenchi a kutchalitchi oyembekezera kubwezedwa. Amalume anadzatsanzika, akuoneka okhutira ngati munthu amene wapulumutsa mudzi. Mpaka lero sindinawakhululukire.

M'nyumba tinatsala awiri. Amayi anakhala pa mphasa atatsamira khoma, osayatsa nyali. Ndinawafunsa chifukwa chake anandiletsa kuyankhula, poti iwo ndi amene ankanyadira ntchito ya mwana wawo pa msika ponse. Anayankhula motsitsa, ngati kuti panja pali wina akumvetsera.

"Mwananga, pano tili awiri, undiuze zoona. Lusiya uja sankaombeza, eti?"