Dzanja la Ba Ferdinand pa Chitsulo

Ba Ferdinand Zulu asesa pansi pa lamba wa fakitale yathu ya feteleza ku Kafue kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lambayo ndi wamphira, wautali kwambiri, ndipo amanyamula feteleza kuchoka kunkhokwe kufika kumene timathira m'matumba. Wotayika amaunjikana pansi pa mawilo, choncho lamba akaima pamafunika munthu wokwawira kumeneko ndi fosholo. Bambo awo anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, koma iwo anasankha fumbi limeneli.

Panali chinthu chimene mabwana sankachidziwa, koma ine ndinkachidziwa. Makutu a Ba Ferdinand anafa kalekale ndi phokoso la makina. Ankangoyang'ana milomo ya anthu, n'kumaseka ena akaseka. Anandilumbiritsa kuti ndisaulule, poopa kuti adzawabweza kwawo ku Shimabala kukakhala ndi kadimba ka kabichi.

Ine ndiye ndinkayatsa lambayo, ndipo tinali ndi kachitidwe kathu. Ndisanayatse ndinkamenya chitsulo chake katatu ndi sipanala. Iwo pansipo ankasiya dzanja lamanzere pachitsulocho, akamva kunjenjemera n'kutuluka. Loko wotsekera switchi anasowa zaka zapitazo, ndipo mpaka lero ndimakwiya kuti tonse tinangozolowera.

Mwezi watha anandisamutsira kumatumba. Pamalo panga anaikapo Prudence, mtsikana wakhama wa nyimbo za tchalitchi pakamwa, komanso anamangapo sairini yochenjeza. Ndinamupempha kuti azimenyabe chitsulo, koma chifukwa chake ndinachimeza. Anaseka, nati zimenezo n'zachikale.

Lachitatu m'mawa sairini inalira. Nditatembenuka ndinaona jekete la Ba Ferdinand lili pamsomali, kumene amalipachika akalowa pansi. Kuthamanga sindikanafika, kukuwa sakanamva. Ndinatola mpaipi n'kumenya chitsulo cha kumapeto kwanga katatu, osadziwa ngati kunjenjemerako kukafika kutali konseko, kapena ngati dzanja lija linali pamalo pake.

Lamba anayamba kuyenda. Ndinamva chinthu chikuphwanyika m'mawilo, ndipo ndinathamanga ndikuopa chimene ndikachipeze. Inali fosholo. Eni ake anali chigonere pambali, oyera mbuu ndi feteleza, manja onse awiri alipo.

Prudence anazimitsa makina, nabwera, bwana Levy ali m'mbuyo mwake. Prudence anafunsa ali kumsana kwa Ba Ferdinand: "Ba Ferdinand, simunamvele sairini?" Iwo anapitiriza kusasa fumbi m'mawondo.

"Sibamvela," ndinatero. "Ni kudala maningi, makutu anafa zaka zambili zapita."

Ndinaiwala kuti Ba Ferdinand anali kundiyang'ana pakamwa. Anatola jekete lawo osadikira kuuzidwa kuti ntchito yatha, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikakumana pamsika amayang'ana kumbali, kuti asaone moni wanga.