Munthu Woipa wa Pamchenga

Sukulu ndinalekezera Fomu 3. Musandifunse chifukwa, ofunsa sathandiza. Mayi anali atakwatiwanso ku Nsanje, ndipo bambo atsopanowo ananeneratu kuti pakhomo pawo sasunga ana a ndevu. Ndevu zakezo zinali zitatu. Choncho ndinkakhala kwa atsibweni, alongo awo a mayi, kwa Makhuwira, ndipo kupatula khomo limenelo ndinalibe kwina kolowera. Atsibweni sayankhulayankhula. Mwini khomo weniweni ndi akazi awo, azakhali, mayi wachisena amene amagulitsa masau ndi thobwa pabwalo la mpira. Iwowo ndiwo anati ndikhale.

Masana, dzuwa likafika poti ngakhale mbuzi zaleka kuyenda, ndinkalowa m'chisakasa cha vidiyo pamsika. Mkatimo munkanunkha thukuta ndi nsomba zouma. Lachitatu ndi Lachisanu mwini wake ankaika resiling'i, zimphona zamatupi ngati matumba a mpunga zikugwetsana m'bwalo la zingwe. Potuluka mkangano unali umodzimodzi: ndi zenizeni, si zenizeni. Mkangano wa zitsiru. Munthu sangamenyedwe ndi mpando m'mutu n'kudzuka akukonza tsitsi. Ine chinkandisowetsa mtendere ndi china. Ngati ndi bodza, ndipo ndikudziwa kuti ndi bodza, mtima wanga ukugundiranji chonchi?

Ndinayamba kuonera mmene aphunzitsi ankafunira kuti ndiziwerengera mabuku. Mwini chisakasa anali ndi ndewu zochepa, ankangozibwereza, ndipo zimenezo zinandithandiza. Ndinaona kuti woponya chibakera amapondanso pansi mwamphamvu, phokoso timamvalo ndi la phazi. Ndinaona kuti akapanana khosi, mutu ndi mutu, milomo imagwedezeka kuseri kwa tsitsi, akuuzana chotsatira. Ndinaonanso kuti ntchito yaikulu si ya womenya, ndi ya womenyedwa. Iyeyo ndiye amakwinya nkhope, kukwawa, kutambasulira anthu dzanja ngati akumira mu Shire. Akapanda kutero, chibakera chija n'chabechabe.

Kenako ndinaleka kuyang'ana kanema n'kumayang'ana anthu pamabenchi. Apo ndi pamene ndinamuona mwini masewera. Ndi woipa uja. Refa akayang'ana kumbali, iye amabera. Wabwino akati adzuke, anthu n'kuyamba kunyamuka, woipayo amamugwetsanso, anthu n'kukhalanso pansi akutukwana. Kachiwiri. Kachitatu. Amawamana dala, ngati woonetsa galu fupa. Pofika nthawi yoti wabwino adzuke zenizeni, chisakasa chonse chimakhala chili chilili. Wabwinoyo sanachite chilichonse chodabwitsa. Anthu onsewo wawanyamula ndi chidani.

Panali bambo wina wosoka maukonde, wa mano awiri, amene ankakuwa kuposa aliyense. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akudziwa kuti ndi sewero.

"Ukundiyesa mwana?" anatero.

"Nanga mumakuwiranji?"

"Iwe, pa Pasaka kutchalitchi kwathu, amene amakhala Yudasi si mwana wa aneba anga? Ndinamunyamulapo ali khanda. Koma akapsompsona Ambuye, ndimafunafuna mwala. Tandisiya ndionere."

Ndinafuna kuyesa ndekha. Ndinali ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni ndi azakhali, wopalasa kabaza, wamapewa, wofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Anthu ankamukonda popanda chifukwa. Ine ankandinyansidwa popanda chifukwa. Ndinaona kuti theka la ntchito latha kale.

Kuseri kwa bwalo la mpira kuli mtsinje umene umauma m'chilimwe, n'kutsala mchenga wokhawokha. Tinkapita kumeneko m'mamawa uliwonse iye asanatulutse njinga. Tinaphunzira kugwa chagada, manja otambasula, chibwano pachifuwa. Tinaphunzira kunyamulana osathyolana. Chovuta chinali nkhope yake.

"Iwe msuweni, ndikakumenya umasekeranji?"

"Nanga sizikupweteka."

"Kumbukira tsiku lija tcheni cha njinga chinakudya chala."

"Limenelo ndinaliradi."

"Lira choncho."

Loweruka lina, mpira usanayambe, ndinajambula bwalo pamchenga ndi ndodo n'kuyamba kumunyoza mokweza. Ndinati mutu wake uli ngati chipanda cha thobwa, njinga yake imalira kuposa namfedwa, akazi amakwera kabaza wake pomumvera chisoni. Anthu anabwera ndithu, koma anabwera akuseka. Mayi wina anati, "Asiyeni awo, ndi pachisuweni." Basi, zonse zinathera pomwepo.

Kwathu kuno msuweni ndi munthu womuchita chipongwe. Ungamutche galu ngakhale pamaliro, palibe mlandu. Ine ndi iye tinkanyozana chidzukireni, m'malo mwa moni. Ndiye ndani akanakhulupirira kuti tadana? Ndinamugwetsa, anakwawa bwino kwambiri, anatambasula dzanja monga ndinamuphunzitsira, ndipo mnyamata wina anangomupatsa chanza. Wezulo wa mpira atalira onse anachoka, n'kutisiya tili ndi mchenga m'makutu.

Ndinakwiya masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinazindikira chimene ndinaphonya. Woipa wa pakanema sanyoza mdani wake yekha ayi. Amakhudza chosakhudzika: mkazi wake, bambo ake okalamba, chinthu chimene wina aliyense amachilambalala. Chisuweni chimaphimba msuweni yekha. Mayi ake sichiwaphimba.

Ndinamuuza kuti, "Loweruka ndichita kanthu. Iwe ungondithamangitsa mpaka pamchenga. Zotsalazo monga tinaphunzirira."

"Kanthu kanji?"

"Ukadziwa, nkhope yakoyo igona."

Azakhali sindinawauze. Sindinama kuti ndinaiwala. Ndinaliganizira bwinobwino, n'kuona kuti munthu wodziwiratu sangadzidzimuke mokhutiritsa. Ndinkadziona wanzeru kwambiri.

Loweruka linafika ndi mphepo yafumbi. Azakhali anali pamalo awo pansi pa mtengo wa nimu, beseni lodzaza masau patsogolo, kakapu koyezera kali pamwamba. Msuweni anali chapafupi, atatsamira njinga. Ndinafika, ndinatapa masau dzanja lonse osapempha, ndinatafuna, n'kulavula.

"Zowola izi mukugulitsa anthu?"

Azakhali anandiyang'ana ngati sanamve. "Wati chiyani, mwanawe?"

Ndinaliponda beseni m'mphepete. Linagudubuzika likulira, masau n'kumwazika mpaka pamzere wa bwalo.

Phokoso limene linatuluka mwa anthu ndinali ndisanalimvepo kunja kwa chisakasa chija. Sikunali kukuwa. Kunali ngati onse akoka mpweya nthawi imodzi. Ndinamva njinga ikugwa, ndipo ndinathawa.

Msuweni anandipeza pamchenga. Chibakera choyamba chinalibe phazi lothandizira, chinali chenicheni, ndipo khutu langa linalira ngati muli udzudzu. Ndinamukola khosi kuti ndipeze mpata, n'kumunong'oneza.

"Pang'onopang'ono, iwe! Ndi kanthu kaja!"

"Amayi anga?" anatero. "Amayi anga, galu iwe?"

"Undiphe pomaliza. Pano igwa kaye. Tayang'ana anthu."

Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake anagwa. Mwina thupi linangokumbukira za m'mamawa zija. Mwina nayenso anamva phokosolo. Ndinamuthira mchenga kumaso, kunena zoona ndinauponya pachifuwa, koma anagwira maso n'kudzandira. Anthu anali atadzaza gombe lonse, osewera mpira omwe ndi yunifomu zawo. Anayesa kudzuka, ndinamugwetsa. "Dzuka! Dzuka!" Anayesanso, ndinamugwetsanso, n'kutembenukira anthuwo ndikudziguguda pachifuwa. Chibuma cha dothi chinandimenya pamsana. Bambo wa mano awiri uja ankalumpha akufuula kuti ndine Satana wopanda mchira. Ndinkawamva anthu onsewo m'manja mwanga ngati chingwe cha mbedza nsomba ikadya: kukoka, kulekerera, kukokanso. Pamoyo wanga wonse palibe chimene ndinachichitapo bwino ngati chimenecho.

Kachitatu ndinamulola. Anadzuka pang'onopang'ono, nkhope yosafuna kuphunzitsidwa. Anandinyamula mpaka pamapewa n'kundimenyetsa pansi. Gombe linaphulika. Koma pali chinthu chimene ndinachimva ine ndekha. Pondigwetsapo, ndi mkwiyo wonsewo, anaika chikhatho chake kunkhongo kwanga kuti mutu usagunde.

Anthu anamunyamula. Ine ndinakwera gombe ndekha ndikulavula mchenga, ndikumwetulira. Pansi pa nimu paja ndinaona azakhali atagwada, akutola masau limodzilimodzi, akulipukuta pachitenje. Ambiri anali atapondedwa ndi anthu othamangira ndewu yanga. Amayi awiri ankawathandiza.

Madzulo ake atsibweni anandiitana pakhonde. Azakhali anakhala chapatali pamphasa. Msuweni sanatuluke m'nyumba.

"Linali sewero, atsibweni," ndinatero. "Ngati za pavidiyo zija. Mufunseni mwana wanu."

Anayankha ndi azakhali. "Sewero? Ine anandiuza ndani kuti ndili m'sewero?"

"Mukanadziwa sizikanaoneka zenizeni."

"Nkhabe! Ayi, sizinaoneke zenizeni, zinali zenizeni. Amene anagwada pafumbi paja anali ine. Anthu amene ndimapemphera nawo aona mwana amene ndimamuphikira akundilavulira. Iwe unali m'sewero. Ine ndinali pamalonda."

Mawu amenewo anandikwiyitsa kwambiri.

Atsibweni anati, "Wawachititsa manyazi pagulu, ukawapepese pagulu. Loweruka, pamalo omwewo. Akakana, kapena iwe ukakana, njira ya ku Nsanje ukuidziwa."

Sabata imeneyo inali yachilendo. Pamsika amayi ankakokera malonda awo kumiyendo ndikamadutsa. Anyamata ankandifunsa kuti kubwereza n'liti. Kwa nthawi yoyamba anthu ankandidziwa, ndipo ndisabise, zinkandikomera. Koma pakhomo mbale yanga inkaikidwa pakhonde popanda mawu, ndipo nthawi iliyonse ndikaitenga ndinkaona chitenje chija chikupukuta sau. Pofika Lachisanu ndinali wokonzeka kupepesa, osati chifukwa cha Nsanje yokha.

Loweruka ndinapita. Anthu atangondiona ndikulunjika pansi pa nimu, anasiya zonse n'kutizungulira. Ndinagwada.

"Azakhali, ndinalakwa. Mundikhululukire."

"Mayi, gwirani beseni!" wina anafuula.

Anthu anaseka, ena n'kuyamba kuwowoza. "Akunama ameneyo!" "Muone phazi, muone phazi!" "Kamuitaneni wa kabaza!"

Ndinabwereza mokweza. Mawu anga anasweka pakati, maso anatentha, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto. "Taonani nkhope! Amatha mwanayu!" Ankadikira kuti ndidzuke n'kulipondanso. Pakanema woipa akagwada n'kutambasula dzanja, aliyense amadziwa chotsatira, ndipo anthu awa ndinali nditawaphunzitsa ndekha kuti ine ndine uja. Ndinafufuza m'mutu mwanga njira yoonetsera kuti ndikunena zoona, n'kupeza kuti njira iliyonse ndinali nditaigwiritsa kale ntchito ponama. Ngakhale pamenepo, mawondo ali pafumbi, kachigawo kena ka mutu wanga kankadabwa kuti zinthuzi zimagwira ntchito chotani.

Azakhali anakokera beseni pamiyendo pawo n'kulikumbatira. Kenako anayankhula motsitsa, kuti ndimve ine ndekha.

"Ine sindikudziwa ngati ukunena zoona. Awa sakudziwa. Kaya iweyo ukudziwa."

"Ndikunena zoona, azakhali."

"Tsiku lijanso nkhope yako inali yoona." Anapukusa mutu. "Dzuka, ukunditsekera ogula. Mphasa yako ili pomwe ili, sindingataye mwana wa mlamu wanga pamsewu. Koma pamalonda anga usadzayandikirenso. Ukafuna kudutsa, uzizungulira kuseri kwa golo."

Anthu anabalalika akudandaula kuti palibe chachitika. Ine ndinadzuka, ndinasasa mawondo, n'kuzungulira kuseri kwa golo.