Boti Silinyamuka ndi Munthu Mmodzi

Kwathu ku Manjawira munthu sakwera minibasi popanda chifukwa. Ukavala jekete m'mawa n'kukaima pamsewu, anthu amadziwa kuti kwina kwagwa maliro, kapena wina wagonekedwa kuchipatala. Ndiye nditawauza achemwali anga kuti mawa ndikupita ku Mangochi, anaika khasu pansi.

"Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndikukaona mtsinje wa Shire."

"Wadwala?"

"Ayi, ndikumva kuti uli bwino ndithu."

Sanaseke. Chimwalirireni mayi a kunyumba kwanga, achemwali ankandiyang'ana monga timayang'anira nkhokwe yopendekeka, kudikira tsiku limene idzagwe.

Sukulu ine ndinalekezera Sitandade 6, koma kuwerenga kunandikanirira ngati chisoso pa buluku. Ndawerenga manyuzipepala okulungira zitumbuwa, mapepala a m'mabotolo a mankhwala a ziweto, ngakhale matumba a feteleza. Pamsika wa Nsipe ndinagulapo buku la mbiri yakale lopanda chikuto, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaidziwira tauni ija: doko limene ankawolotserapo akapolo, linga la atsamunda, sitima za nthunzi zokwera ndi kutsika mumtsinje. Masamba omaliza anali atathothoka, moti mpaka lero sindidziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji. Ndinkawawerengera mayi a kunyumba aja akusankha nyemba pakhonde, ndipo ndikafika pa sitima zija ankati, "Tidzapita tikakolola." Tinakolola kambirimbiri.

M'mawa mwake achemwali anandipeza pamsewu atasenza kathumba ka mbatatesi.

"Akakulandirani ndani kumeneko?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Tengani. Simungafike kwa eni manjamanja, mungatichititse manyazi."

Kukangana ndi achemwali ndinasiya ndili mwana. Ndinanyamula.

Titakhota pa mphambano ya Liwonde jekete linayamba kundilemera. Ife a kumtunda timayesa kuti kutentha timakudziwa. Pofika ku Mangochi malaya anali atamatirira kumsana, ndipo a kabaza anandizungulira.

"Tikusiyeni kwa ndani, madala?"

"Pa wotchi paja."

"Akudikirani pamenepo?"

Ndinangoti eya, kuti nkhani ichepe.

Nsanja ya wotchi inalipo, ya njerwa, koma inali yaifupi kuyerekeza ndi imene ndinaimanga m'mutu mwanga zaka zonsezi. Chapafupi panali mfuti yaikulu ya pa sitima ya nkhondo. Ndinaika thumba pakati pa miyendo n'kuyamba kuwerenga zolembedwapo, milomo ikugwedera monga mwa chizolowezi changa. Ndisanamalize, mayi wina anaima n'kufunsa, "Mbatatesi mukuchita bwanji?" Nditati sizogulitsa, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa n'kumapita. Anafunsanso ena awiri. Munthu wongoima n'kumayang'ana chinthu chakale, anthu a pamenepo amam'zolowera akakhala mzungu wa kabudula. Wa thumba ngati ine ayenera kukhala ndi malonda.

Kenaka ndinakwera pa mlatho. Kwathu timitsinje tambiri timatidumpha m'mwezi wa Okutobala osavula nsapato. Uwu unali wotakata, wosafulumira, utasenza zitsa za namasupuni ngati anthu akusamuka. Ndinaima nthawi yaitali njinga zikundiimbira belu. Koma kuona kuchokera pamwamba sindiko ndinadzera. Ndinkafuna kukhala pamadzi penipeni, pamene panadutsa sitima zija, ndipo ndinayenera kutero dzuwa lisanapendeke kwambiri, chifukwa kogona ndinalibe ndipo minibasi zobwerera zikatha zatha.

Kumunsi kwa mlatho ndinapeza boti la injini lomangidwa pachikhomo. Mwini wake anali bambo wa msinkhu wanga, wa kachisoti koyera, akusoka ukonde pansi pa mtengo. Tinapatsana moni, iwo Chichewa chawo chikukokera ku Chiyao.

"Mumatengako anthu okaona mtsinje?"

"Timatenga. Muli angati?"

Ndinacheuka kumbuyo. Sindidziwa kuti ndinkayembekeza kuona ndani.

"Ndili ndekha."

"Aa, bambo, boti silinyamuka ndi munthu mmodzi. Injini iyi imamwa ngati mkamwini wa ku ukwati. Dikirani gulu, likabwera tikuphatikizani."

"Limabwera nthawi yanji?"

"Likafuna. Dzulo silinafune."

Anandisunthira thabwa pamthunzi ndipo ndinakhala. Anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki. Ndinamwa, n'kuganiza kuti munthu amene wakupatsa pokhala ndi madzi wakulandira, palibenso dzina lina. Ndinakankhira thumba lija kwa iwo.

"Izi n'zanu."

"Mbatatesi sizilowa mu injini, bambo."

"Si malipiro. Kwathu mlendo safika manjamanja."

"Ndinu mlendo wanga?"

"Ndafunafuna tsiku lonse. Mwatsala ndinu."

Anaseka mpaka anatsokomola. Anatsegula thumba, natola imodzi, naifikisa ndi chala kuona dothi lofiira. "Za ku Ntcheu zenizeni. Mayi akondwa." Anamanganso pakamwa pa thumba. "Komabe gulu tidikira."

Tinadikira. Ndinayesa kuwauza za sitima za nthunzi, iwo nati agogo awo ankadulira sitimazo nkhuni, ndipo nkhani inathera pomwepo chifukwa ukonde unali utakola. Mthunzi unasuntha, ife n'kusuntha nawo. Anabwera mnyamata ndi chibwenzi chake, ndipo mtima wanga unadumpha, koma anangojambulana ataima pafupi ndi boti n'kubwerera. Ndinayamba kukonza mawu okawauza achemwali: kuti mtsinje ndauona, uli bwino, ukupereka moni. Kuti ndinakhala pambali pake ngati thumba lodikira mwini, zimenezo ndikanazisunga.

Ndinali nditavala kale chipewa kuti nditsanzike pamene minibasi inaima kumtunda. Munatuluka amayi ovala nsalu zofanana, a kwaya ya mpingo wina, amene ankachokera kokaimba ndipo anapatuka kuti aone madzi. Anatsetsereka akukuwizana za nsapato ndi ng'ona.

"Gulu lanu ilo," anatero mwini boti. Kwa amayiwo anati, "Awa ndi alendo anga, akwera nawo."

Mabenchi onse anadzaza. Ine anandiika kutsogolo kwenikweni, pa kathabwa ka kumphuno kwa boti, kuti kulemera kufanane. Ndinakhala moyang'ana amayiwo, chifukwa kufulatira anthu, makamaka achilendo, sindinaleredwe nako. Injini italira anayamba kuimba, ndipo mafoni anayamba kundifika m'manja.

"Abambo, tatijambulani."

"Yanganso, abambo. Musadule mitu."

Ndinajambula. Ndinadula mitu ingapo. Mlatho unkachepa kumbuyo kwawo, ndipo zonse zimene tinkapitako zinali kumsana kwanga. Nthawi ina nyimbo inaduka, maso onse anatuzuka kuyang'ana kupyola phewa langa, wina nagwira mnzake. Mvuu. Pamene ndinkapotoloza khosi, foni ya eni ili m'manja, panali patatsala mabwalo a madzi okha. Zaka zonse zowerenga zija, mvuu yanga yoyamba ndinaionera pankhope za amayi a kwaya.

Amene anakhala pafupi nane anali wamkulu wawo, mayi wa imvi ndi magalasi omanga ndi ulusi.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Manjawira."

"Kutali konseko. Mayi mwawasiya ndi mbuzi?"

"Anatisiya. Chaka chatha."

"Pepani." Kenaka analanda foni m'manja mwanga n'kuibweza kwa mwini wake. "Inu atsikana, zakwana. Abambowa sanachokere ku Ntcheu kudzaona mano anu." Kwa ine anati, "Tatembenukani."

"Ndikufulatirani."

"Misana taiona yambiri. Tembenukani."

Ndinatukula miyendo umodziumodzi, boti likugwedera, mwini wake akukuwa kuti pang'onopang'ono. Nditakhazikika, kutsogolo kwanga kunalibenso munthu. Kunali madzi okha, otakata kuposa mmene amaonekera pa mlatho, mabango mbali zonse, ndi migwalangwa itaima patalipatali. Nkhwazi inali pa nthambi youma. Bambo wina m'bwato ankaponya chilepa, ukonde wake, mosatiyang'ana n'komwe. Mphepo inalowa m'malaya anga onyowa ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamva kuzizira.

Ndinayesa kuikapo sitima ya nthunzi pamadzipo, ndi utsi wake ndi mulu wa nkhuni, monga ndinkachitira pakhonde. Sinabwere. Mtsinje unali wodzaza kale ndi zake. Ndinaviika dzanja m'madzi, ofunda ngati osamba, mpaka mwini boti anati ng'ona za kuno sizisankha mlendo.

Kumbuyo kwanga amayi anayambanso kuimba, chapansipansi tsopano. Nyimboyo ndinkaidziwa, imaimbidwanso kwathu, ndipo mawu a amuna munalibe. Ndinailowa pang'ono, kukhosi kokha, ndikuyang'anabe kutsogolo. Injini inkalira kwambiri moti sindikhulupirira kuti alipo anandimva. Tinapita choncho mpaka pokhota mtsinje, pamene mwini boti anachepetsa moto kuti tibwerere.